Timagalasi Tisanu ndi Tiwiri pa Lichero la Azakhali

Lachisanu, 17 Okutobala.

Ndakhala kuseri kwa khitchini, pa mulu wa njerwa zomwe azakhali akuti adzamangira bafa. Chala changa chachikulu chakulungidwa m'kansalu, ndiye zilembo zikukhotakhota (azakhali, ngati ndinu mukuwerenga, chonde tsekani, zonsezi mwazionera nokha). Ndasankha malo ano chifukwa ndi okhawo pakhomo pano amene munthu wodutsa m'njira sangandione. Lero ndachita manyazi pamaso pa amayi onse a kumpingo, ndipo wondichititsa wake ndi tambala. Koma ndikaganiza bwinobwino, tambalayo wangomaliza ntchito imene ndinaiyamba ndekha.

Kuno ku Chezi ndinabwera mwezi watha, sukulu zitangotsegulidwa. Kwathu ndi ku Ntchisi, kuseri kwa phiri, kumene sekondale ili kutsidya kwa mtsinje, ndipo mvula ikagwa yambiri ophunzira amangobwerera panjira. Makolo anga anagwirizana ndi azakhali kuti Fomu 2 ndidzaphunzire kuno. Azakhali amaphunzitsa kupulayimale ndipo amakhala okha ndi nkhuku zawo. Ndi munthu wabwino, kungoti amayankhula tsiku lonse ndi ana a Sitandade 1, moti akafika pakhomo mawu amakhala atawathera. Ine mawu ndili nawo ambiri, koma amatulukira ku cholembera. Choncho m'nyumba mwathu mumangomveka masipuni.

Kusukulu palibe amene amandizunza. Anzanga a m'kalasi anadziwana kale chaka chatha, ali ndi mayina awo opatsana ndi nthabwala zawo zomwe amaseka asanazimalize. Ine amangondilambalala mwaulemu, ngati mmene munthu amalambalalira mtengo wa m'njira. Pa buleki ndimakhala pa sitepe ya kuseri kwa laibulale n'kumadya mbatata yanga pang'onopang'ono kuti ikwane mpaka belu (munthu amene akutafuna saoneka kuti akusowa wocheza naye, amaoneka wotanganidwa).

Ndinalowa kalabu ya sayansi chifukwa ndinamva kuti kumeneko amagwira ntchito ndi manja, osati ndi pakamwa. Sabata yatha aphunzitsi athu, a Kanyenda, anabwera ndi chithunzi pa foni yawo n'kuiyendetsa desiki ndi desiki. Chinali cha galasi lalikulu la telesikopu, makina aja oonera nyenyezi. Koma silinali galasi limodzi. Anali magalasi ambiri ogundana m'mbali, ngati zisa za njuchi.

"Galasi lalikulu chonchi simungaliumbe limodzi," anatero. "Limalemera, limapindika lokha. Ndiye amapanga tizidutswa. Vuto n'lakuti kachidutswa kalikonse kali ndi maganizo akeake, ngati inu a Fomu 2. Kuwala kwa nyenyezi kukagwa pa tonseti, kumayenera kukakumana pamalo amodzi. Kamodzi kakangoyang'ana kumbali, nyenyezi imodzi imaoneka ngati ziwiri. Ndiye pali anthu amene ntchito yawo ndi kuyeza kuti kachidutswa kalikonse kaphonya bwanji, n'kukakankha kumbuyo pang'ono. Pang'ono zedi, kuchepa kuposa tsitsi lanu limodzi."

"Mwachita bwino kunena lathu, sala," anatero mnyamata wina kumbuyo. A Kanyenda ali ndi dazi. Kalasi yonse inaseka, iwonso anaseka akusisita pamutu, inenso ndinaseka cha mumtima.

Kenako anatipatsa ntchito. "Kapezeni timagalasi, mukatimate pa chinthu chokhala ngati mbale. Mukatiyang'anitse dzuwa kuti kuwala kwake kugwe pakhoma. Phimbani tonse, vundukulani kamodzi, onani pomwe kuwala kwagwa, yezani ndi lula kuti kwaphonya bwanji, konzani, pitani pa kena. Lolemba la sabata yamawa inayo mudzaonetse. Khalani awiriawiri."

Mawu akuti awiriawiri ndimawaopa kuposa mayeso. Madesiki anakokedwa, anthu anakodolana, ena anagwirana mikono, ndipo phokoso litatha ndinatsala ine, ndikuyang'anitsitsa chivindikiro cha cholembera ngati chili ndi nkhani.

"Watsala ndani? Aa, mlendo wathu. Ndani amutenge, akhale atatu?"

Palibe amene anakana. Palibenso amene anavomera. Aliyense ankadikira kuti mnzake ayambe, ndipo kudikirako kunkandiwotcha m'makutu. Kuti kuthe msanga ndinati, "Ndipanga ndekha, sala."

"Ntchito iyi ndi ya anthu awiri, mwana iwe."

"Kunyumba kuli wondithandiza."

(Kunyumba kuli azakhali otopa ndi nkhuku.)

Timagalasi sitinavute kupeza. Galasi la pa kabati ya zovala ya azakhali linasweka kalekale, ndipo zidutswa zake anazisunga m'katoni kunsi kwa bedi, poti aphunzitsi a kupulayimale sataya kanthu. Ndinasankha zisanu ndi ziwiri, chilichonse chokula ngati chikhatho cha mwana, n'kuzikwecha m'mphepete pa mwala kuti zisamacheke kwambiri. Chovuta chinali chokhala ngati mbale chija. Beseni linali lakuya, mbale inali yaing'ono. Kenako ndinaona lichero lakale litapachikidwa pa msomali m'khitchini.

"Azakhali, ndingabwerekeko lichero lakale lija?"

"Upeta chiyani?"

"Ndi za kusukulu."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana lichero. "Sukulu za masiku ano. Tenga, koma libwerere pa msomali pake."

Poyamba ndinamata ndi dongo. Kutacha ndinapeza dongo litauma n'kung'ambika, kagalasi kalikonse katayang'ana komwe kakufuna. Ndiye ndinatulutsa phula la njuchi, chibulumwa chomwe amayi anandiikira m'chikwama chifukwa milomo yanga imang'ambika nyengo yotentha. Ndinalinunkhiza kaye nthawi yaitali ndisanalidule, poti limanunkhira kwathu. Phula linagwira ntchito. Ukakanikiza ndi chala, kagalasi kamapendekeka pang'ono n'kukhala pomwepo.

Kamodzi ndinakaika pakati, tinato mozungulira. Ndimayenera kutipatsa manambala, koma ndinatipatsa mayina a anthu a kwathu. Kapakati ndi Amayi. Kokhotakhota m'mbali ndi Achimwene, amene chibadwire sanamverepo munthu. Tinato ndi abambo, ang'ono anga atatu ndi msuweni wanga. Ndikamakonza ndimayankhula nato. "Amayi, khalani pomwepo. Achimwene, tayang'anani kuno kamodzi kokha." Ndikudziwa mmene izi zikumvekera. Koma zoona zake n'zakuti sabata ino ndacheza kwambiri ndi lichero kuposa ndi munthu aliyense wa ku Chezi.

Kuyeza ndinayamba dzana. Ndikaweruka, dzuwa limakhala litapendeka, ndipo khoma la khitchini loyang'ana pabwalo limakhala mumthunzi. Ndinajambula mtanda ndi choko pakhomalo. Lichero ndinalitsamiritsa pa mpando, kutsidya kwa bwalo, n'kulitchinga ndi njerwa ziwiri. Ndinaphimba timagalasi tonse ndi masamba a mango kupatula Amayi, ndipo ndinasuntha mpando mpaka kuwala kwawo kunagwa pa mtanda penipeni. Ndinawaphimba, n'kuvundukula kena. Kupita kukhoma, kuyeza, kulemba, kubwerera, kukanikiza phula, kupitanso kukaona. Ndinatero mpaka tonse tinatha, kalikonse katagwa pa mtanda nthawi yake.

Kenako ndinachotsa masamba onse kuti ndione kuwala kumodzi kwakukulu.

Pakhomapo panali mzere wa timadontho, tondondozana ngati anapiye. Ndipo amene anali kutali kwambiri ndi mtanda anali Amayi, omwe ndinawaika bwino kuposa onse.

Ndinayambiranso. Zomwezo. Ndinakayikira lula, ndinakayikira mpando, ndinakalipira Achimwene popanda chifukwa. Ndinali pafupi kulira pamene mthunzi wa khitchini, umene poyamba unali uko, unandigwira kumapazi. Apo m'pomwe ndinazindikira. Dzuwa likuyenda. Mtanda wanga unali chiimire, koma pamene ine ndinkapita kukhoma ndi kubwerera, dzuwa silinkandidikira, moti kagalasi kalikonse ndinakakonza ndi dzuwa lakelake. (Mwana wa mlimi, amene wakula akuyang'ana kumwamba kuti adziwe nthawi yoweruka kumunda, kuiwala kuti dzuwa limayenda. Amayi enieni asadzamve.)

Nzeru inabwera ndikutsuka mbale. Mtanda ndi wosafunika. Amayi azikhala osaphimba nthawi zonse, ndipo ndiziyeza mpata wa pakati pa kuwala kwawo ndi kwa kagalasi kenako. Dzuwa likasuntha, zonse ziwiri zisunthira limodzi, mpata ukhala womwewo. Ndinasangalala moti ndinatembenuka kuti ndiuze munthu. Kumbuyo kwanga kunali nkhuku.

Za nkhukuzo ndiye nkhani. Nkhuku za azakhali zinaleredwa ndi lichero limeneli. Zikangoliona likutuluka m'khitchini zimadziwa kuti pagwa madeya, ndipo palibe sayansi imene ingazitsutse. Ndikakhala pafupi ndi mpando zimaima mozungulira, mitu itapendekeka, ngati anthu odikira kugawidwa kwa makuponi. Ndikangoyamba kupita kukhoma, zimasendera. Mtsogoleri wawo ndi tambala wamkulu wofiira amene azakhali akumusungira Khirisimasi. Ndikuganiza kuti amadziwa, chifukwa amayenda ngati wopanda choti n'kutaya.

Apa m'pomwe ndinamvetsa zimene a Kanyenda ankatanthauza ponena za anthu awiri. Wina aime pakhoma ndi lula, wina akhale pa galasi. Koma m'malo mofuna munthu, ndinafuna zitsononkho. Dzulo ndinaunjika mulu wake pafupi ndi mpando. Kuponya chitsononkho, nkhuku n'kubalalika, ine kuthamanga, kuyeza, kubwerera zisanasonkhanenso. Ndinatuluka thukuta ngati ndikusewera netibolo ndekha, koma pomwe dzuwa limabisala kuseri kwa denga, timagalasi tisanu tinali titamvana. Ndinalowetsa lichero kunsi kwa bedi mosamala ngati ndanyamula mazira.

Lero pochokera kusukulu ndinapeza pabwalo posesedwa bwino, mphasa zitayalidwa mumthunzi wa nyumba, pafupi ndi khitchini. Amayi a kumpingo amabwera kudzaphunzira nyimbo za Lamulungu, ndipo sabata ino inali nthawi ya kwathu. Ndikanatha kudikira. Koma mawa m'mawa n'kochapa, masana ake mitambo yayamba kumasonkhana masiku ano, ndipo Lamulungu pakhomo pa azakhali sagwira ntchito ngakhale ya singano. Ndinaganiza kuti ndingokhala mbali yanga mwakachetechete, palibe amene andione. Kusaonedwa ndiye ndimakutha.

Amayi a kumpingo aja anafika ndi maduku awo, ndipo ndinagwada kuwapatsa moni mmodzimmodzi.

"Ndi wa achimwene anga a ku Ntchisi," anatero azakhali.

"Koma ndiye wofatsa. Amayankhula, aNaphiri?"

"Amayankhula. Ndinamumvapo."

Amene anafunsawo ndi mayi Chatha, apampando a amayiwo, munthu wamkulu thupi ndi mawu omwe. Ndipo omaliza kufika anali mayi ena amene kumbuyo kwawo kunali mtsikana atawaberekera mwana. Anali Tadala wa m'kalasi mwathu, wa m'kalabu ya sayansi yomwe, amene akaseka amamveka mpaka ku ofesi ya ahedi. Anakhala pa mtondo wovundikira, akugwedeza mwanayo, n'kundiona.

"Bho?" anatero, akukweza chibwano.

"Bho," ndinayankha, motsitsa moti ndinadzimva ndekha.

Ndinatulutsa lichero. Nkhuku zinabwera. Ndinayang'ana mulu wanga wa zitsononkho n'kuzindikira kuti lero sungagwire ntchito. Mwana wa pakhomo angamaponye zinthu pabwalo pali alendo? Chimodzi chitaphonya n'kugwa pa duku la munthu? Ndinatsala wopanda chida.

Tadala anali pomwepo, wopanda chochita, akuyasamula. Mawu ndinali nawo okonzeka: Tadala, tandiyang'anirako nkhukuzi. Ndinawaika pa lilime, ndinawatembenuza, ndinawameza. Bwanji akakana? Bwanji akavomera chifukwa cha chisoni? Bwanji akafunsa kuti wondithandiza kunyumba uja ali kuti? Ndinawabweretsanso pa lilime kachiwiri, ndipo nthawi yomweyo iye anandiyang'ana, ine n'kuwerama kumakonza tsamba la mango lomwe linali bwinobwino.

Poyamba zinayenda. Nyimbo zitayamba, nkhuku zinachita mantha ndi mawu a mayi Chatha n'kuima patali. Ndinakonza kagalasi kachisanu ndi chimodzi, n'kuchotsa masamba onse. Pakhoma la khitchini panali kuwala kumodzi, koyera, kothobwa m'maso. Ndinapita kukaikapo dzanja ndipo ndinamva kutentha. Anthu a kwathu onse pamalo amodzi. Ndinaima pamenepo kanthawi, dzanja lili pomwepo, ndipo sindinafune kulichotsa. Achimwene okha ndi amene anali pambali, cha kumanzere. Ndinayeza, anaphonya ndi masentimita khumi ndi awiri. Ndinalemba pakhoma, n'kutembenuka kuti ndikawakanikize.

Ndili pakati pa bwalo, nyimbo inatha, ndipo mayi Chatha anati, "Tiyeni tipemphere."

Kwathu tinaleredwa kuti pemphero likayamba, ngakhale wasenza ndowa, umaima pomwe ulipo. Kuyenda pamaso pa anthu akupemphera ndi kunyozetsa amene anakulera, ndipo amene akundilera anali pa mphasa pomwepo. Miyendo yanga sinandifunse n'komwe. Ndinangopezeka ndagwada pakati pa bwalo, padzuwa, lula ili m'manja, maso ali otseka.

Pemphero la mayi Chatha silithamanga. Linayambira pa odwala a m'mudzi muno, linapita kwa achibale awo a ku Dzoole, linabwerera kudzera pa mvula ndi feteleza. Lili pa feteleza ndinamva kaphokoso ka zikhadabo pa thabwa. Ndinatsegula diso limodzi (Mulungu andikhululukire).

Tambala anali pa mpando. Anasuzumira mu lichero kufuna madeya, ndipo anapezamo atambala asanu ndi awiri, onse ofiira, onse akumuyang'ana mwachipongwe. Anaimika nthenga za m'khosi. Iwonso anaimika.

"Shii," ndinanong'ona. Zinamveka ngati moni wanga uja.

Anamenya kamodzi. Lichero silinagwe, linangotembenuka pang'ono pakati pa njerwa zija. Kuwala kwanga kunachoka pakhoma la khitchini, kunayenda pang'onopang'ono pamwamba pa maduku owerama, n'kukaima pa nkhope ya mayi Chatha.

Anasiya mawu pakati. Zimenezi akuti sizinachitikepo. Zikope zawo zinagwedera, koma sanatsegule maso. Anapumira m'mwamba, n'kupitiriza ndi mawu ena, onjenjemera. "Ambuye, ife ndife anthu wamba. Sitinayenere."

Mpingo wathu si wa zogwagwa, anthu amapemphera mwadongosolo. Ndiye amayi atamva mawu asintha, anayamba kusuzumira mmodzimmodzi, ndipo anaona apampando awo nkhope ili ngwee mumthunzi. Mayi wina wachikulire anayamba kuwomba m'manja mwa phuphuphu, akuti, "Zikomo, zikomo, zikomo."

Ndiulule chinthu chimodzi. Ndili chigwadire, mantha ali tho, mbali ina ya mutu wanga inali ikuyezabe. Kuwala kunali kumodzi, kosabalalika, kuchokera pa chipumi kufika pa chibwano. Ntchito yanga inali yabwino. Achimwene okha ndi amene anaphonya nkhope n'kukagwa pa khutu la mayi woyandikana nawo.

Mayi Chatha anatsegula maso, n'kuwatsekanso msanga. "Aaa! Ndani akundithobwa?"

Nthawi yomweyo tambala anamenya ndi miyendo yonse iwiri. Phula linali litafewa ndi dzuwa, ndiye timagalasi tinauluka. Lichero linagwa cha m'mbali n'kuyamba kugudubuka ngati tayala, kulunjika ku mphasa, timadontho ta kuwala tikuvina pa makoma, pa maduku, m'masamba a mango. Nkhuku zonse, poona kuti lichero layamba kuyenda, zinati madeya aja afika, n'kulithamangira. Zinadutsa pa miyendo ya amayi, pa mabuku a nyimbo, ina inakwera pa phewa la azakhali. Ine ndinadumphira kagalasi kapakati, Amayi, kuti nkhuku zisakaponde, ndipo ndinakagwira molakwika. Ndi mmene chala chachekekera.

Phokoso litachepa, mayi wina anati "Ameni", kungoti pemphero lisatsale lotsegula.

"Iwe!" anatero azakhali, akuchotsa nthenga pa bulauzi. "Za kusukulu zija ndi zimenezi?"

Kenako wina anaphulika kuseka, ndipo onse anatsatira, ena mpaka kugwirana mapewa. Mayi wachikulire uja yekha ndi amene sanaseke. "Ine ndimati lero tayenderedwa," anatero, akukonza duku mokwiya.

"Tabwera kuno, mwanawe," anandiitana mayi Chatha, akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Sindikudziwa ngati inali ya kuseka kapena ya kuthobwa. Ndinagwada patsogolo pawo. "Umatani ndi magalasi onsewa?"

"Ndimayeza kuphonya kwake."

"Ukuti chiyani? Kweza mawu."

"Ndimayeza kuti aphonya bwanji."

"Aphonya? Inetu sanandiphonye."

Anasekanso. Mayi amene Achimwene anawagwera pa khutu anati, "ANaphiri, mtsikana akayamba kusunga magalasi asanu ndi awiri, muziyang'ana kumpanda madzulo. Wofatsa ameneyu!" Ndinkafuna nthaka ing'ambike. Pa anthu onse a ku Chezi, ine, amene ngakhale galasi limodzi ndimaliyang'ana mwamanyazi.

Tadala anali atatsika pa mtondo n'kukhala pansi, akuseka mopanda mawu, mwana kumsana akulira. Atapeza mpweya anadzuka n'kuyamba kunditolera tizidutswa. Anafika pakhoma la khitchini, n'kuima kuyang'ana mitanda, mizere ndi manambala onse a choko.

"Zonsezi walemba wekha?"

Ndinagwedeza mutu movomera.

"Ife ndi mnzanga tamata atatu pa chivindikiro cha ndowa, koma kuwala kukungothawathawa. Tapangana kuti Lolemba tikanene kuti kunali mitambo."

Ndinkafuna kumufotokozera zonse, za mtanda wosafunika, za kusiya kagalasi kapakati kosaphimba. Zonse zinali m'mutu mwadongosolo. Zimene zinatuluka ndi izi: "Dzuwa limayenda."

Anandiyang'ana ngati ndadwala. "Ee, limayenda. Ndiye?"

Ndinawerama n'kutola kachidutswa kena.

"Komanso iwe," anatero, akundipatsa tizidutswa, "bwanji sunandiuze kuti ndikuingitsire nkhuku? Ndangokhala apo ngati chitsa masana onse."

"Ndimaopa."

"Kuopa ine? Ndi mwana kumsana? Kodi pakamwa pakopo amakulipiritsa msonkho?"

Amayi ake anamuitana, ndipo ananyamuka. Ali pa mpanda anatembenuka n'kukuwa, "Lolemba ndikanena m'kalasi! Usadandaule, ndikanena bwinobwino!"

Basi. Sanati ubwere kwathu, sanati ndibwera. Anangopita, akusekabe.

Alendo atachoka, azakhali ananditsuka chala ndi madzi a mchere. Ndinkadikira kukalipiridwa. Pomanga kansalu ndinaona mapewa awo akugwedera. "Sitinayenere," anatero motsanzira, n'kubisa nkhope m'manja. Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anapita kukagona pang'ono, ati mutu. Ndisanatuluke ndinawafunsa komwe a Tadala amakhala, ngati kuti ndikungofunsa. Akuti kuseri kwa chigayo, nyumba ya mpanda wa bango.

Ndawerenga zotsala. Amayi ali bwino. Achimwene athyoka pawiri, ndiye tsopano ndili ndi anthu awiri osamvera. Lichero labwerera lopindika mbali imodzi. Tambala akuyendayenda patsogolo panga pano, chifuwa patsogolo, poti iye lero wagonjetsa adani asanu ndi awiri nthawi imodzi.

Ndikanakonda kulemba kuti ndaphunzirapo kanthu. Koma ndili pa njerwa pano ndadzipeza ndikukonza kale njira zina. Tambala ndingamuvundikire m'dengu. Mpando ndingauzungulize ndi minga. Ndingasendeze lichero pafupi ndi khoma kuti ndisamathamange. Njira zonsezi zikhoza kugwira, ndipo vuto langa ndi lomwelo: ndine katswiri wopeza mmene ndingachitire zinthu ndekha. Lolemba ndikhoza kukaima kutsogolo ndi kuwala kwabwino kuposa kwa onse, n'kubwerera pa sitepe ya kuseri kwa laibulale ndi mbatata yanga, uku kalasi ikuseka nkhani yanga ine palibe.

Ndiye mawa ndikamaliza kuchapa, ndikulunga lichero m'chitenje, ndipita kuseri kwa chigayo. Ndikanena kuti, Tadala, ndithandize kuima pa galasi, ine ndikuonetsa chifukwa chake kuwala kwanu kumathawa. Ndayeserera kuwanena mokweza kuno kuseri, ndipo atuluka, ngakhale mopendekeka. Miyendo yangayi ndikuidziwa, ikafika pa mpanda wa bangowo ipitirira ngati ndatumidwa kwina. Ikatero ndikakhotera pa chigayo n'kubwereranso, mpaka nditanena odi.